Mtsempha Umene Ndinkaulondera

M'chikwama chimene ndimasungamo ziphaso zathu muli pepala lopindidwa kanayi. Papepalapo pali chithunzi cha mkono wa munthu, chojambulidwa ndi cholembera chofiira ndi chabuluu. Anajambula ndi namwino wa kuchipatala kumene amuna anga amakatsukitsa magazi, mayi wachitswana wamtali, wosaseka wamba. Mkono umene pepalalo linkanena unaleka kalekale ntchito imene madokotala anaupatsa, koma ine pepalalo sindinalitaye.

Amuna anga anagwira ntchito mumgodi zaka zambiri, akuboola thanthwe ndi makina aja ogwedeza munthu mpaka m'mano. Ine ndinawatsatira kuno ku Joni ana athu ali aang'ono, tikumati tikhala zaka zitatu zokha. Lero tili ndi imvi ku Meriting, ndipo kwathu ku Ntcheu amatiwerengera m'gulu la machona. Atapuma ntchito, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anawadya impso mwakachetechete, kufikira tsiku limene dokotala anatiuza kuti ntchito ya impsozo iyenera kumagwiridwa ndi makina, katatu pa mlungu: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu.

Makina oterewa amafuna njira yotakata yotulutsira magazi ndi kuwabwezera m'thupi. Mitsempha ya pafupi ndi dzanja anaipeza yowonda, choncho anasankha kukonza njirayo pamkono wamanzere, popindira chigongono. Opaleshoni itachitika, namwino uja anayamba kuwafotokozera amuna anga za kasamalidwe ka mkonowo, koma iwo ankangovomera chilichonse, “yebo, yebo,” monga ankayankhira akapitawo a kumgodi. Namwinoyo anawayang'ana, kenaka anayang'ana ine, n'kundifunsa ngati ndimamva Chingelezi. Ndinati sukulu ndinalekezera Fomu 2. Anakoka mpando, natenga pepala.

Anayambira kukhwapa. Anati mtsempha waukulu wochokera kumtima umadutsa m'khwapa, n'kutsika chamkati mwa mkono, mbali yoyang'ana kunthiti, utabisala pansi pa mnofu uja amuna amakonda kuutukumula. Ananditenga chala n'kuchikanikiza pamkono wanga womwe, ndipo ndinaumva ukugunda pamalo amene ndinakhala nawo moyo wanga wonse osawadziwa. Anati mtsemphawo uli ndi nthambi imene imazungulira kumbuyo kwa fupa kukadyetsa minofu ya kumeneko, ndi tinthambi tina tozinga chigongono, ndipo ukangopitirira chigongonocho umagawika pawiri kulowera kudzanja. Zonsezi anazijambula mofiira. Kenaka anatenga cholembera chabuluu n'kujambula mitsempha yobweza magazi kumtima, umodzi ukukwera chakunja kwa mkono pansi pa khungu penipeni, mpaka paphewa. Pomaliza analumikiza mzere wofiira ndi wabuluu pachigongono, nazunguliza pamenepo.

“Apa dokotala wasoka iwiriyi pamodzi,” anatero. “Magazi amphamvu azilowa mu wabuluuwu, ndipo udzakula. M'menemo ndimo tizibayamo. Mukaikapo zala muzimva kunjenjemera. Tsiku limene simudzamva kanthu, musadikire kuti kuche kawiri.”

Anandipatsa malamulo, ndipo ndinawalemba kuseri kwa pepalalo m'Chichewa. Mkono umenewu usayezedwe kuthamanga kwa magazi. Usabayidwe jakisoni ndi wina aliyense. Usagonedwe. Usanyamule cholemera. Koposa zonse, usamangidwe ndi kanthu kothina, ngakhale wotchi, ngakhale malaya, chifukwa magazi akaimitsidwa m'njirayo amaundana, ndipo njira ikatsekeka kawirikawiri siitsegukanso.

Kuyambira pamenepo tsiku lathu linkayamba ndi mkono. Madzi a tiyi asanawire, amuna anga ankakhala pampando wa pakhomo, ine n'kuika zala zitatu pamwamba pa chigongono. Pansi pa khungu pankamveka ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

“Basiboyi wafika kudzayendera mgodi,” ankatero iwo. Basiboyi ndiye ankayang'anira gulu lawo pansi panthaka. “Nanga bwanji, amayi, injini ikulira?”

“Ikulira, abambo.”

“Ndiye shifiti iyambe. Tiyi abwere.”

Zaka ziwiri zinatha chotero. Mtsempha uja unakula monga ananenera, unatukuka ngati chingwe cha ng'ombe chokhotakhota kuchokera pachigongono kukafika kuphewa. Sunali wokongola, ndipo kutchalitchi ankavala malaya a manja aatali otakasuka. Koma namwino uja ankati akauona amagwedeza mutu mokhutira, ndipo kawiri konse anandiitana kuti ndikafotokozere akazi a odwala atsopano mmene ndimachitira. Sindibisa, zinkandinyaditsa. Mayi wokalamba wa kudziko lina samva kawirikawiri kuti pali chimene amachidziwa.

M'chaka chachitatu kunabwera mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, chitsiriza m'banja mwawo. Pamene ndinkakwatiwa iye anali kamtsikana kosavala nsapato. Anakhala m'nyumba mwanga zaka zinayi, ndipo zilembo zoyamba ndinamuphunzitsa ndine, pamchenga. Anabwera kuti adzaone achimwene ake kwa mwezi umodzi. Mwezi unatha, wachiwiri unatha, masiku amene anamudindira pachiphaso anatha, iye alipobe. Mlendo wa kuchimuna safunsidwa tsiku lobwerera.

Tsiku loyamba limene anauona mkonowo anagwetsa mbale.

“Mayo! Achimwene, chimenechi n'chiyani?”

“Ndi paipi ya kampani,” anatero amuna anga. “Bwera udzagwire, siluma.”

Anagwira, n'kudumpha ngati wapsa.

“Alamu, muli chamoyo umu! Inu mumagona nacho m'nyumba chinthu chikulira chonchi, osachita mantha?”

Ndinatulutsa pepala langa. Ndinamuonetsa mzere wofiira, ndinamuonetsa wabuluu, ndinamugwiritsa mkono wake womwe kuti amve kugunda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anapukuta manja pachitenje.

“Inu a sukulu mumakhulupirira pepala kuposa maso anu. Munthu anachoka kumudzi ali ndi mikono yonyamula thumba la chimanga uku ndi uku. Lero mkono watupa, mukuyenda chinthu, inu mukuti n'zabwino. Kumudzi akudziwa amene anatumiza. Munda wanu wa kudambo uja si onse anakondwa nawo.”

“Musiyeni, amayi,” anatero amuna anga akuseka. “Uyu sukulu anathawa tsiku limene anayamba masamu ogawa.”

“Ndinathawa, inde,” anayankha mlamu, “koma impso zanga zilipo zonse ziwiri.”

Tonse tinaseka, ndipo ine ndinayesa kuti nkhaniyo yathera pomwepo. Masabata otsatira ndinkawapeza awiriwo akulankhula motsitsa mawu kuseri kwa nyumba, koma ndinkati ndi za kumudzi, za maliro ndi minda. Mkazi wolemekeza banja la mwamuna wake saima pakati pa munthu ndi mlongo wake kuti amve zimene akunena.

Lachinayi lina, m'nyengo yotentha mvula isanayambe, mwana wathu wamkazi anandiimbira foni kuchokera ku Bapong, kumene amakhala ndi mwamuna wake m'chipinda cha lendi. Anati msana wamugwira, sangathe kudzuka, ndipo mwamuna wake ali kuntchito masiku onsewo. Mawu ake anali ofooka. Amuna anga anandilimbikitsa kuti ndipite.

“Mwana akudwala, amayi. Ine ndili ndi achemwali pano. Mkonowu suthawa.”

Lachisanu ndinawaperekeza kuchipatala monga mwa masiku onse, ndinabwera nawo kunyumba, ndinawagoneka. Malamulo aja ndinamubwerezera mlamu katatu. Iye anati, “Ndamva, alamu, pitani bwino.” Ndinakwera takisi ya masana.

Ku Bapong ndinapeza mwana wanga atawerama pabeseni akuchapa. Atandiona anagwira msana. Anati wayamba kupezako bwino m'mawa womwewo. Ndinamusisita ndi mafuta, ndinamuphikira, ndinamusesera m'chipinda. Loweruka ndinati ndibwerere, iye anati, “Amayi, mugone, mwina ubwereranso.” Lamulungu anati tipite limodzi kutchalitchi, anthu akandione. Tsiku lililonse ndinkaimbira bambo ake.

“Ikulira, abambo?”

“Ikulira, amayi. Osadandaula.”

Lolemba ndinakwera takisi yoyamba kuti ndikafike nthawi yopita kuchipatala isanakwane. Ndinawapeza atakhala pampando wawo wa pakhomo, atavala jekete. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha malata.

“Bweretsani mkono,” ndinatero, chikwama chidakali paphewa.

“Tachedwa, amayi. Akationa komweko.”

“Abambo, bweretsani mkono.”

Sanandiyang'ane. Ndinawavula jeketeyo ndekha, monga mmene mayi amavulira mwana. Pamwamba pa chigongono panali pomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa kuchitenje, kozungulizidwa kangapo ndi kumangidwa mfundo ziwiri, ndipo kanali katalowa m'mnofu. Kumunsi kwake mkono unali wotupa, zala zili zozizira. M'mbali mwa mtsempha uja munali mphini, timizere tiwiritiwiri totemedwa ndi lezala, topakidwa mankhwala akuda. Ndinamasula mfundozo ndi mano. Ndinaika zala zanga zitatu pamalo pake. Ndinazisuntha pang'ono, ndinazibweza. Ndinaikapo khutu. Mtsemphawo unali wolimba ngati ndodo, ndipo munali zii.

Mlamu anatuluka m'nyumba ali ndi nkhope yowala.

“Mwaona, alamu? Chasiya kulira. Chinafa Loweruka masana. Mankhwala amenewa ndinachokera nawo kumudzi, ndakhala ndikudikira mpata.”

Anafotokoza yekha, osafunsidwa. Anatema mphinizo Lachisanu lomwelo, ine nditangokwera takisi. Magazi anakana kuleka, ndipo iye anati ndicho chizindikiro chakuti choipacho chikutuluka. Sankadziwa kuti pamakina paja amathira mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi kuti tsiku limenelo ngakhale kabala kakang'ono kamachedwa kuuma. Amuna anga ankadziwa. Magazi atapitirira, mlamu anamanga mkonowo mothina kuti aleke, ndipo anausiya womanga kuti chinthucho chisathawire kumtima.

Sindinakuwe. Ndinangoti, “Tiyeni kuchipatala.” Mlamu anatsatira, akuti akufuna akaone nkhope ya dokotala.

Namwino uja anagwira mkonowo, natenga choikira m'makutu, namvetsera nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana mphinizo ndi mzere umene kansalu kanasiya. Mlamu anali ataima pakhomo la chipindacho, ndipo nkhope yake inali itayamba kusintha, chifukwa ngakhale samva Chingelezi anaona mmene anamwino ena anasiyira ntchito zawo n'kubwera.

“Wachita izi ndani?” anafunsa namwinoyo.

Amuna anga anayang'ana pansi. Kenaka anayankha, m'Chingelezi chawo cha kumgodi, momveka bwino kuti aliyense m'chipindamo amve. Anati ndi mkazi wawo. Anati mkazi wawo ankafuna kuwathandiza ndi mankhwala a kwawo.

Namwinoyo anatembenuka. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangoti, “Mme, inu?” Mme ndiye mayi m'Chitswana. Anandiyang'ana monga mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene ankamudalira atamupeza akubera mayeso.

Pakamwa panga panali mawu onse. Chingelezi ndimachidziwa kuposa amuna anga, ndipo ndikanatha kunena tsiku, ora ndi takisi imene ndinakwera. Koma ndinaleredwa kuti mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa anthu achilendo, ndipo pakhomo paja panaima mayi wopanda masiku pachiphaso, amene ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake. Ndinakhala chete. Kukhala chete kumeneko namwinoyo anakutenga ngati kuvomera.

Madokotala anayesa kutsegula njirayo, koma nthawi inali itapita. Anati tithokoze kuti mtsempha wofiira uja sunatsekeke nawonso, chifukwa dzanja likanatayika. Tsiku lomwelo anawaika kapaipi m'khosi kuti magazi atsukidwe, kapaipi kamene kamaopsa chifukwa kamalowetsa matenda msanga. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, mabala a mphini atayamba mafinya.

Tsiku lachitatu ndinawapeza okha, ndipo ndinakhala pampando wa pambali pa bedi.

“Abambo, munanditchuliranji?”

“Amayi, mukudziwa za mapepala a achemwali. Akanaitana apolisi. Ndi mwana wa amayi anga.”

“Palibe amene anatchula apolisi.”

“Inu sakanakuchitani kanthu. Inu amakudziwani.”

“Ankandidziwa,” ndinatero. “Nanga bwanji simunandiuze zimene munkafuna kuchita?”

“Mukanakana.”

“Ndikanakana, inde.”

Anayang'ana denga. Kenaka anakoka malaya a chipatala n'kundionetsa pachifuwa, pamene pali mphini zakale zimene malume awo anawatema asananyamuke ulendo woyamba wa ku Joni. Zipsera zimenezo ndimazidziwa kuyambira tsiku la ukwati wathu.

“Izi zinanditulutsa pansi panthaka zaka zonse zija,” anatero. “Anzanga angati anatsala komweko? Ndatopa nawo makina, amayi. Ndinati mwina.”

Kutopako ndinakumvetsa. Ndakhala nawo pambali maola anayi anayi, ndikuona magazi awo akuyenda m'timapaipi, ndipo ndikudziwa mmene amabwerera kunyumba ngati nsanza yofinyidwa. Akanandiuza kuti atopa, ndikanalira nawo. Chimene sindinachimvetse, ndipo mpaka lero chimandikanika, ndi foni zija. Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa, mkono uli womanga, iwo akuti ikulira.

Mwana wanga anabwera kudzaona bambo ake Loweruka lotsatira. Ndinamutengera panja, pansi pa mtengo wa pabwalo la chipatala, ndipo ndinamufunsa za msana wake. Anayamba kulira ndisanamalize funso.

“Amayi, ndikhululukireni. Adadi ndi amene anandiimbira. Anati azakhali akufuna kuwapempherera mwa kwathu, ndipo inu mukakhalapo muchita zovuta. Sindinkadziwa kuti pali lezala.”

“Unkadziwa kuti sukudwala.”

“Ndinkadziwa.”

“Ndinakusisita msana masiku atatu.”

Ndinamupatsa kansalu kopukutira misozi, n'kumuuza kuti alowe akaone bambo ake nthawi isanathe.

Mlamu anabwerera kumudzi amuna anga asanatuluke m'chipatala. Ndinamuchapira zovala, ndinamukazingira nkhuku ya panjira, ndinamugulira shuga ndi sopo woti akagawire abale, ndipo ndinamuperekeza kokwerera basi. Sindinafune kuti kumudzi akamve kuti mkazi wa achimwene ake anamuthamangitsa. Basi ili pafupi kunyamuka anandigwira dzanja.

“Alamu, ine ndinkafuna kuthandiza.”

“Ndikudziwa. Mukapereke moni kwa onse.”

Ndamva kuti kumudzi amanena kuti mankhwala anagwira ntchito, koma achipatala anabwezeramo chinthucho. Sindinatumize uthenga wotsutsa.

Patapita miyezi inayi madokotala anakonza njira ina pamkono wamanja, mkono umene amadyera ndi kupatsira moni. Anatiuza mosabisa kuti umenewu ukawonongeka, malo ena abwino satsala. Tsiku lofotokoza malamulo, namwino uja anaitana amuna anga okha m'chipinda. Ine ndinakhala pabenchi la panja ndi akazi ena, ndipo mmodzi wa iwo, amene ndinamuphunzitsa ndine kuika zala, anasuntha chikwama chake kuti chisakhudzane ndi changa. Kufikira lero namwinoyo amandipatsa moni waulemu, ndipo akamavula amuna anga malaya amayang'anitsitsa khungu lonse, mpaka kukhwapa, kenaka n'kuyang'ana ine. Kambirimbiri ndaganiza zomuuza. Mlamu ali kutali tsopano, palibe wapolisi angamupeze. Koma kunena zoona lero ndi kunena kuti amuna anga ananama, ndipo iwo amagona pabedi limenelo katatu pa mlungu, m'manja mwa anthu omwewo. Ndinayembekeza kuti tsiku lina adzanena okha. Zaka ziwiri zapita.

M'mawa uliwonse amakhalabe pampando wa pakhomo n'kutambasula mkono wamanja. Ndimaika zala zitatu. Njuchi ija ilimo. Masiku oyamba ankayesa kunena za basiboyi, koma ataona kuti sindiyankha analeka. Ndimangoti, “Ukuyenda,” n'kupita kukatereka madzi.

Chaka chathachi mwana wanga anachira ku Bapong, mwana wamwamuna, woyamba. Anandiimbira kuti ndipite ndikakhale naye mlungu umodzi, ndikamusambitsire khandalo monga amayi anga anachitira ndi ine. Nthawi imeneyi sankanama, ndinamva kulira kwa mwanayo pafoni. Ndinapita ndi takisi ya m'mawa, nditagwira kale mkono. Ndinamusambitsa mdzukulu wanga, ndinamufukata, ndinaphika phala la mayi wake. Dzuwa litapendeka ndinatenga chikwama.

“Amayi, ngakhale usiku umodzi wokha?”

“Bambo ako atsala ndi mkono umodzi,” ndinatero.

Anandiperekeza ndi maso mpaka pachipata. Tsiku lotsatira ndinapitanso, ndipo ndinabwereranso madzulo. Ndinatero mlungu wonse.